Laputopu Yakufa Imene Ndinasiya kwa Amock

1

Dzina loti Sampa ndi langa lenileni. Mayina enawonso sindinasinthe, chifukwa zobisabisa n'zimene zinandifikitsa pamene ndili pano. Ndili ndi zaka makumi anayi, ndine kalaliki pakampani ina ya inshuwalansi m'tauni muno mu Lusaka, ndipo ndimakhala m'mafulati a ku Kabwata ndi mwamuna wanga Lemmy ndi ana athu awiri. Kutchalitchi ndi kwa achibale amanditchula kuti bana Chiza, kutanthauza mayi a Chiza, potengera dzina la mwana wathu wamkulu.

Laputopu yanga yakale inafa mu Juni, itanditumikira zaka zisanu ndi zinayi. Ndinadina batani, zii. Ndinaigwedeza, ndinaipempherera, osayaka. M'nyumba munalowa chisokonezo. Ana ankafuna polembera za kusukulu ndi poonera makatuni, Lemmy ankafuna maulaliki ake a pa intaneti. Yatsopano ya m'katoni sitikanaikwanitsa. Mnzanga wa kuntchito ndiye anandilozera kasitolo ka Amock, m'kanjira kena kuseri kwa msewu wa Chachacha, kumene amagulitsa malaputopu akale okonzedwanso.

Amock anali bambo wamfupi, wa magalasi omata ndi selotepi, wolankhula ngati wailesi yosowa pozimitsira.

"Ba madamu, ni ya panyumba chabe? Mafilimu, sukulu ya bana? Tengani iyi. Ukalamba uli kunja chabe, mukati ni kamwana."

Kenako anaona chimene ndinanyamula m'jumbo.

"Nanga iyo?"

"Inafa. Nenze kufuna muone ngati ingauke."

Anaitembenuza, anaigogoda, mpaka anainunkhiza.

"Awe, iyi yapita. Isiyeni kuno nichoseko masipeya, mutengo wa iyi inangu nizakuchepeselani."

Ndinavomera ndikumwetulira. Ineyo, munthu amene kuntchito ndimawerenga pepala kawiri ndisanasayine! M'mutu mwanga, chakufa chinali chakufa. Sindinkadziwa kuti laputopu ikazima, zam'kati zimangogona. Ndipo m'kati mwa imeneyo munali foda imodzi imene mng'ono wanga Lubuto sankayenera kuiona. Akanangoiwerenga, ndikanamutaya, ndipo padziko pano palibe munthu amene ndinkaopa kumutaya kuposa iyeyo.

Madzulo ake ndinajambula laputopu yatsopanoyo n'kutumiza pagulu la achibale pa foni, kudzichemerera kuti ndimadziwa kugula. Ndinalembanso ndi malo ake a sitoloyo, kuti aliyense wofuna asasochere.

2

Patatha milungu itatu batani limodzi linayamba kukanirira. Linali Lachinayi, ndipo nthawi ya nkhomaliro ndinathamangira kwa Amock. Atangondiona anawomba m'manja.

"Ba madamu! Mulungu ni wabwino. Ija yanu inauka!"

"Iti?"

"Ija munasiya. Kenze chabe ka waya ka moto. Na kugulisa nagulisa kudala. Mung'ono wanu anabwela pa Mande, ati ba Sampa ndiye banituma. Enze kufuna yochipa maningi, so ninamupasa yamene ija. Ninati ibwelele ku banja."

Ndinaweramira patebulo lake lagalasi.

"Vamukati munafuta?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Kufuta? Awe, ise ngati ikuyaka bwino sitigwilako. Makasitoma bakonda kupeza nyimbo na mafilimu mukati. Futi imwe ni banja imozi, mapikicha yanu ni yake. Vuto ni batili chabe, inasila. Iyaka chabe ngati chaja chili ku malaiti."

Sindikukumbuka kuti ndinatuluka bwanji. Ndinangozindikira ndaima pakati pa msewu, minibasi ikundiimbira hutala, kondakitala akunditukwana pawindo. Batani lokanirira lija ndinaliiwala, mpaka lero likukanirirabe.

Chimene chinandifoola kwambiri ndi dzina limene ndinapatsa foda ija. Zaka zonsezo ndinkabisira Lemmy, munthu amene nyimbo za kwaya zimamugonetsa tulo. Choncho ndinailemba kuti "Nyimbo za kwaya", ndikudziona wochenjera. Koma Lubuto ndi amene amatsogolera kwaya ya achinyamata kutchalitchi kwawo. Pa mafoda onse a m'laputopumo, imeneyo ndi imene akanayamba kutsegula.

3

Lubuto ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, amaphunzitsa ana a sukulu ya mkaka. Mayi athu atamwalira zaka zitatu zapitazo, Lubuto anakakhala ku Chelstone ndi ba anti Yande, mng'ono wawo wa mayi. Nthawi imene ndikunenayi n'kuti kwatsala milungu iwiri kuti akwatiwe ndi Ethan, mnyamata wa ku Woodlands. Loweruka lomwelo kunali chilanga mulilo, mwambo wathu umene azimayi a kuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kukapereka kwawo kwa mkwati.

Ndinabwerera kuofesi, ndinadzitsekera m'chimbudzi, n'kumuimbira foni.

"Ba Sampa, shani?" Mawu ake anali a masiku onse.

"Bwino, mami. Namvela wagula laputopu." "Mami" ndi mmene ndinkamuitanira mwachikondi.

"Ee, yanu yamene ija. Nayiziba na ka sitika kamene Chiza anamatika."

"Ija ni yakudala maningi, izakuvuta. Tenga yanga iyi ya manje, ine nitenge iyo."

"Awe, nayikonda."

"Wayiyasha kale?"

Ndinakanikiza foni kukhutu.

"Malaiti kuno ni vuto, ba Sampa. Muziba mweka."

Ndinapumira m'mwamba. Masiku amenewo magetsi ankazima tsiku lonse, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo. Ndinapempheradi, ine mlembi wa amayi a mpingo, kuti ku Chelstone kukhale mdima mpaka ndikafikeko.

Pachakudya chamadzulo Lemmy anandiyang'anitsitsa.

"Bana Chiza, simukudya. Mwadwala?"

"Ni kutopa chabe. Ivi va ukwati."

"Mumuvutikila maningi uja mwana. Ali na ba anti bake."

Ndinanyamula mbale n'kuthawira kukhitchini. Ndinatsegula mpopi kuti asamve mmene ndinkapumira.

4

Lachisanu ndinapempha tchuthi n'kukwera minibasi ya ku Chelstone. Ulendo wonse ndinkakonza bodza. Ndimati ndikanene kuti muli mapepala a kuntchito, kenako ndikumbuka kuti Lubuto anganene kuti titsegule limodzi. Ndimati ndikaigwetse pansi ngati mwangozi. Pofika pasiteji ndinali nditatuluka thukuta ngati ndayenda wapansi.

Kwa ba anti Yande kunali piringupiringu. Azimayi anali mbwee pabwalo, ena akusosola nkhuku, ena akusinja nsinjiro, ena akusenda timizu ta chikanda. Ba anti atangondiona anandiponyera chitenje.

"Wabwela mochedwa, mukulu wa mwine ukwati. Gwila mpeni."

Ndinadula anyezi kwa ola lathunthu, maso ali pawindo la chipinda cha Lubuto. Mpata utapezeka ndinalowa. Ndinamupeza atakhala pabedi akupinda zovala. Laputopu inali patebulo, yotseka, chaja chake chitakulungidwa pamwamba.

"Nkalani, ba Sampa."

Ndinakhala. Anapitiriza kupinda, osandiyang'ana.

"Ba mami kulibe," anatero. "Mwasala imwe. Pali vamene mufuna kuniuza nikalibe kukwatiwa?"

Mawu anafika pakhosi penipeni. Ndikulumbira, anafika. Koma mantha anandigwira pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi malangizo a pamsika.

"Uzimulemekeza mwamuna wako. Na bapongozi uzibapasa ulemu."

"Ndiye vonse?"

"Ndiye vonse, mami."

Anagwedeza mutu. Panja wina anamuitana kuti adzayese chitenje, ndipo anatuluka n'kundisiya ndekha.

Ndinalumphira laputopu ija. Ndinadina batani, osayaka, magetsi kunalibe. Ndinayesa kuilowetsa m'kachikwama kanga ka m'manja, koma theka linatsala panja. Kutuluka nayo poyera sikukanatheka, pabwalo panali maso makumi atatu. Ndiye ndinachita chinthu chimene ndikachikumbuka ndimafuna kulowa pansi. Ndinatenga chaja n'kuchikankhira pansi pa Baibulo m'chikwamamo.

Ndinabwerera ku anyezi anga. Misozi inkatsika, ndipo aliyense ankaseka kuti mkazi wa muofesi sanazolowere ntchito.

5

Loweruka masana tinanyamuka kupita ku Woodlands, azimayi odzaza minibasi ziwiri, miphika yokulungidwa m'zitenje, ng'oma zili pamiyendo. Pamwambo umenewu mkwatibwi sapita nawo. Amatsala kunyumba. Choncho Lubuto anatiperekeza pageti n'kubwerera m'nyumba yopanda munthu.

Tikukhota pakona, babu la pakhonde la nyumba ina linayaka.

"Malaiti yabwela!" anakuwa mayi wina, ndipo onse anaimba nthungululu.

Ine ndinagwira chikwama changa n'kumva chaja chija m'katimo. Ndinadziuza kuti popanda ichi palibe chimene chingayake. Ndinayesa ngakhale kuimba nawo.

Pageti la kwawo kwa Ethan tinasenza miphika pamutu. Ng'oma zinalira, tinalowa tikuyenda pang'onopang'ono koma mwaphokoso la nyimbo, mpaka m'chipinda chochezera mmene mkwati anakhala pakati pa amalume ake. Alangizi anayamba kumasula mfundo za zitenje ndi mano, monga mwa mwambo. Ine, monga mkulu wa mkwatibwi, anandipatsa mbale yaikulu ya nkhuku kuti ndikaitule pamaso pa mkwati.

Nthawi yomweyo foni inanjenjemera m'chiuno, mmene ndinaikulungira m'chitenje. Ndikanaisiya. Koma munthu wamantha sadziwa kudikira. Ndinagwira mbale ndi dzanja limodzi n'kusuzumira.

Unali uthenga wa Lubuto. "Chaja chili mu chola mwanu, pansi pa Baibo. Mukasiliza bwelani mweka."

Mbale inapulumuka. Nkhuku yonse inamwazika pa matailosi a eni ake, msuzi n'kuthovokera pa nsapato za mkwati. Ng'oma zinasiya. Mayi ake a Ethan anagwira pakamwa. Kumbuyo ndinamva wina akunong'ona kuti zimenezi si zabwino, mkuluyu ali ndi nsanje ndi ukwati wa mng'ono wake.

Ndinagwada n'kuyamba kutola ndi manja. Ba anti Yande anagwada pambali panga ngati akundithandiza. Iwo okha ndi amene anatsala mwa anthu odziwa nkhani yanga. Anayang'ana nkhope yanga kamodzi kokha.

"Aziba?" ananong'ona.

Ndinavomera ndi mutu.

"Yenda," anatero. "Kuno nizakamba ine."

6

Ndinafika ku Chelstone cha m'ma folo koloko. Geti linali losakhoma. M'nyumba munali zii, fungo la utsi ndi nsinjiro lokhalokha. Ndinaima pakhomo la chipinda chake.

Lubuto anali pabedi pomwe paja. Laputopu inali yotseka. M'manja anali ndi foni.

"Ngenani. Valani chiseko."

Sanadikire kuti ndikhale. Anayamba kuwerenga pafonipo, mawu ake ali phee.

"Mwana wanga Lubuto, lero wakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Pamsinkhu umenewu ndi pamene ine ndinakubereka."

Ndinakhala pansi, pasimenti.

Owerenga, chinsinsi changa n'chimenecho. Lubuto si mng'ono wanga. Ndi mwana wanga woyamba. Ndinatenga mimba ndili kusekondale, ya mnyamata wa m'kalasi mwathu amene makolo ake anamusamutsira ku Kitwe atangomva. Bambo anga anali mkulu wa mpingo, sakanalola manyazi otere. Mayi ananditenga kupita nane kwawo ku Mansa, n'kuuza anthu kuti akukadwazika agogo. Patatha chaka tinabwerera ku Lusaka, khanda lili kumsana kwa mayi, ine ndili m'mbuyo ndi chikwama cha matewera. Anthu anawayamikira kuti Mulungu wawapatsa chitsirizira paukalamba. Ndinabwerera kusukulu. Pamene Lemmy ankandifunsira, mayi anandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti ndisadzatsegule pakamwa.

Nditagula laputopu ija ndinapeza pokambira. Chaka chilichonse pa tsiku lake lobadwa ndinkamulembera kalata imene sindinkatumiza. Makalata asanu ndi anayi. M'fodamo ndinaikamonso chithunzi cha khadi lake la kusikelo la ku Mansa, pamene pamzere wa dzina la mayi panalembedwa dzina langa.

"Unayasha bwanji?" Ndi funso lopusa limene ndinafunsa.

"Ninawelenga pa Mande, mu shopu mwamene muja. Ba Amock banayasha kuti niyese, ine ninaona nyimbo za kwaya. Ninajambula vonse na foni." Anaika foni pansi. "Pamene munanitumila foni nenze naziba. Pamene munabwela mailo pa Chisanu nenze naziba."

"Lubuto..."

"Ninalila masiku yatatu neka. Pa lasti ninati, ni bamai banga, benze mwana, banabakakamiza. Nizabapasa mpata bakambe beka. Ninakufunsani, ba Sampa. Pa bedi pano. Ninati pali vamene mufuna kuniuza?" Mawu ake anasweka. "Imwe munasanka kuba chaja."

Ndinakwawa kuti ndimugwire mapazi. Anawabweza.

"Bonse bakuitanani bana Chiza. Ine nikumvela, nikuseka, nikumupapa Chiza ku musana ati ni mwana wa ba sisi. Kansi zina yanu ni bana Lubuto."

Ndinalira ngati pamaliro. Ndinamuuza za bambo anga, za lumbiro, za mantha anga kuti akadziwa adzandida. Anamvetsera zonse osandidula.

"Va kudala ningamvese," anatero. "Va mailo ndiye vikunibaba. Ba mami banamwalila zaka zitatu zapita. Nindani enze kukugwilani pakamwa?"

Panja minibasi zinayamba kufika, azimayi akuimba.

"Pa ukwati ba anti Yande ndiye bazankala pa mupando wa bamai," anatero akupukuta maso. "Imwe muzankala kwa ba sisi. Ndiye kwamene munasanka."

7

Lemmy ndinamuuza ndekha m'mawa mwake, tisanapite kutchalitchi. Anavula tayi, anaipinda bwinobwino, n'kupita kwa mkulu wake ku Emmasdale. Anakhalako mwezi wathunthu. Anabwerera, koma mpaka pano timalankhulana ngati anthu okwera basi imodzi. Sindimuimba mlandu. Zaka khumi ndi zisanu anagona pambali pa munthu amene sankamudziwa.

Ukwati unachitika. Ndinakhala mzere wachitatu, Chiza ali pambali panga. Pamene mwini mwambo anaitana mayi a mkwatibwi kuti aimirire, ba anti Yande anaimirira, anthu n'kuwomba m'manja. Inenso ndinawomba. Palibe ululu umene ndinaumvapo wofanana ndi umenewo, ngakhale wa pobereka.

Kenako kunali zii kwa miyezi isanu. Mauthenga anga kwa Lubuto ankawerengedwa koma osayankhidwa. Ndinaonda, masiketi anayamba kuzungulira m'chiuno. Foni ikalira ndinkadzidzimuka, ndikaona kuti si iye ndinkakhumudwa, ndipo ndikaganiza kuti tsiku lina adzakhala iye ndinkachitanso mantha.

Inu amene mukuwerenga, mwina mukudikira kuti ndikulangizeni za malaputopu. Chabwino: musasiye yanu yakufa m'sitolo musanachotsemo zanu, ndipo mukagula yakale muuzeni wogulitsayo afufute zonse inu mukuona. Koma zimenezo n'zazing'ono. Ine sindinalakwe posiya laputopu kwa Amock. Ndinalakwa pouza makina mawu amene mwini wake anali moyo, akudya nane mbale imodzi. Ndinkati ndikumuteteza mwanayo, chikhalirecho ndinkadziteteza ndekha. Ngati muli ndi mawu otere, ndipo mwini wake wakufunsani maso ndi maso, musachite zimene ndinachita ine.

Mwezi watha foni inalira ndili kuntchito. Anali iye.

"Ba Sampa, mailo nili na sikelo. Ethan ali ku nchito. Munganipelekeze?"

Tsiku lotsatiralo ndinafika pachipatala ola lathunthu nthawi isanakwane. Anabwera atavala diresi lotaya, mimba ikuonekera. Sitinakumbatirane. Tinakhala pabenchi limodzi, pakati pathu pali chikwama chake, mpaka anatiitana.

Namwino anali mayi wachikulire wotopa ndi mzere. Analemba dzina, zaka, kumene akukhala. Kenako anandiloza ndi cholembera.

"Aba mwabwela nabo ni bandani banu?"

Lubuto anatembenuka n'kundiyang'ana, akudikira. Mantha aja anabweranso onse, pakhosi pomwe paja.

"Ndine mai wake," ndinatero.

Namwino analemba osadzutsa n'komwe mutu. Lubuto anachotsa chikwama chake pampando umene unali pambali pake, n'kundiuza kuti ndikhale.